Ngowe Zitatu pa Chiguduli

Magetsi a ku Furankungu athimanso, Felizada,
bwera ndi tochi, khala pano pakhonde.
Ndayala ngowe zitatu pa chiguduli.
Amene anandisiyira ankazitchula kuti moshiketawu,
lilime langa linakana, ndimangoti ngowe.
Zonse ndi chitsulo chopindika ngati khutu.
Nkhani ili pa kachitseko.

Tanyamula iyi ya waya.
Yopepuka ngati tsamba la fodya louma,
ukaikhudza ndi chala yatseguka kale,
ngati shabini ya kumsika, siifunsa dzina.
Pachikapo thumba la mabatire, botolo la madzi,
koma usadzapachikepo mwana wa munthu.
Mwala ukangoikankha m'mbali, imavomera.

Yachiwiriyi ndinkainyadira ngati foni yatsopano.
Upotoze, ukankhe, uisiye,
yadzitsekera yokha, kwe!
Ndinkati iyi ndiye yanzeru,
ikumbukira m'malo mwanga ndikatopa.
Koma phanga la kuseri kwa phiri si shelefu ya sitolo ya ku Tete.
Mmenemo muli matope osakanikirana ndi ndowe za mileme,
phala lakuda lolowa m'zikhadabo, m'mano, m'maloto.
Chaka cha mvula yoononga milatho chija
Zefaniya analendewera pakati pa dzenje,
pansi patali, pamwamba patali,
mchenga utalowa m'kasipiring'i.
Kachitseko kanaima pakati,
osatseka, osatseguka,
ngati pakamwa pa munthu wofuna kunena kanthu.
Mawu ake anakwera ndi chingwe mpaka m'manja mwanga:
"Achimwene, chatsamwa."
Anakatsuka ndi malovu.
Malovu atatha, ndi madzi ake omaliza.
Anatuluka, inde, anatuluka.
Lero amagulitsa mbatatesi ku Ulongwe,
ndipo denga lake likadontha amaitana mnyamata.

Yatsala iyi, yolemera, yokandikakandika, ya mazinga.
Ilibe nzeru ngakhale pang'ono.
Ukapanda kuipotokola ingokhala, kukuyang'ana.
Kasanu ndi kamodzi, ndi chala chachikulu, mpaka iime.
Matope akailowa imalira ngati njinga yopanda girizi
koma imayendabe.
Nayonso usaikhulupirire ngati m'busa:
chingwe chikamaikhula imadzimasula pang'onopang'ono,
mwakachetechete, ngati ngongole.
Uiyang'anitse pansi kuti kugwedezeka kuimange.
Usaimangitse pamene thupi lako lili pa iyo,
udzalephera kuimasula manja atachita dzanzi.
Ndipo kamzere kofiira aka, ukakaona,
sunatseke.

Zaka khumi ndi zinayi ndinadya fumbi la malasha ku Mowatize,
kumene wina ankandiwerengera chipewa ndi nsapato pageti.
Kumene tikupita mawa kulibe kapitawo.
Kuli iwe, chala chako, ndi mdima
umene sunaonepo ngakhale usiku wa magetsi othima.
Anthu a kope ndi maukonde aja akufuna chiwerengero cha mileme,
alipira tsiku ndi tsiku, ndi zoona,
koma chingwe sichidziwa za metikali.

Mayi ako sanakane.
Wangotsuka mbale imodzi kawiri.

Sindikusankhira.
Bondo langali latsala ndi maulendo ochepa,
ndipo ngowe yosankhidwa ndi bambo
imamangidwa ndi dzanja laulesi.
Zimitsa tochiyo.
Zigwire zonse zitatu osaziona,
viika manja m'beseni la matope ili ndakukonzera,
vala magolovesi, uyesenso.

Ndakhala chete.
Kwinakwake galu akukangana ndi njinga yamoto.
Ndamva ya waya ikuseka, yaikidwa pambali.
Ndamva kwe! kamodzi, kawiri,
kachitatu palibe.

Kenako kachitsulo kakukukuta mchenga.
Ndikuwerenga mumtima: kamodzi, kawiri, katatu,
kanayi, kasanu...
waima.

Ndatsegula pakamwa.

Kachisanu ndi chimodzi kabwera kokha,
kenako chala chako chabwereranso
kukafunsa ngati ndi zoona.